Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg: za mpanda, aneba ndi chitetezo mu Blantyre

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tilipo, ndipo uthenga wanu ndinaulandira. Mwafunsa ngati kuli kwanzeru kuti ndalama zimene mwasunga muyambe mwamangira mpanda wautali wa njerwa, wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba monga zimakhalira ku Johannesburg, m'malo momaliza m'kati mwa nyumba yanu ya ku Machinjiri. Ndaona kuti nkhaniyi singathe pa foni, chifukwa yankho lake likukhudza mmene chitetezo chikuyendera mu Blantyre masiku ano, choncho ndasankha kulemba kalata.

Mpanda mumange, sindikukuletsani, koma usakhale woyamba, ndipo musauyese kuti ndiwo chitetezo chonse. Mbava za kuno zimaukwera ndi makwerero, zimaponya bulangete pa mabotolo oswa amene anthu amazika pamwamba pake, kapena zimangogumula njerwa zingapo pansi, makamaka nyengo ya mvula pamene phokoso la pa malata limameza chilichonse ndipo udzu ndi chimanga zimakhala zitatalika m'mbali mwa njira. Choipa kwambiri n'chakuti wakuba akangolowa, mpanda womwewo ndi umene umamubisa kwa anthu oyandikana nanu. Ndipo ngati mwini nyumba sadziwika, sapereka moni, saoneka pamaliro, tsiku limene adzakuwe anthu adzamumvera ali m'mabulangete. Akuluakulu ponena kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire ankatanthauza ngongole imene imabwezedwa, ndipo m'makwalala athu ngongoleyi anthu amaiwerenga mosamala.

Chimene chachepetsa umbava kwathu kuno ndi gulu la chitetezo cha m'dera, anthu amene tonse timangowatchula kuti aneba. Mwina mukukumbukira kuti m'nthawi ya Kamuzu anthu ankagona mosaopa mbava kwenikweni, koma ankaopa a Youth League ndi apayoniya, ndiye bata limene lija sindilisirira. Asilikali atalanda zida apayoniya mu December 1993, ndipo ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, mantha aja anatha, koma panalibe chinthu chokonzeka choti chilowe m'malo mwake, pamene mfuti zotsala pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, zinali zitayamba kudutsa malire. Apolisi anayambitsa ndondomeko yogwira ntchito limodzi ndi anthu a m'madera mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 linaikhazikitsa m'malamulo. Kumudzi makomiti ake amatsata mafumu, kuchokera kwa nyakwawa, kwa gulupu mpaka kwa mfumu yaikulu. M'tauni muno amatsamira pa mabuloko lida ndi wapolisi wa kusiteshoni amene anapatsidwa ntchito yoyang'anira zimenezi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzinda wa Blantyre uli ndi anthu oposa 800,000, ndipo ambiri amakhala ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chilobwe ndi madera ena otero, kumene tinjira tambiri galimoto singalowemo ngakhale masana. Mukhoza kuimba 997, nambala ya apolisi, koma galimoto yawo ikhoza kukhala kutali kapena kusowa mafuta, ndipo ikamafika akuba amakhala atawoloka kale mtsinje.

Kwathu aneba amakumana pa chigayo anthu akayamba kuzima nyale. Amavala majekete owala, amanyamula matochi, zibonga ndi mawezulo, n'kugawana njira, ena kumtunda ena kumunsi, mpaka tambala woyamba. Wezulo akalira, mwamuna aliyense wa pa laini imeneyo ayenera kutuluka, ndipo amene sanatuluke m'mawa mwake amafunsidwa chifukwa. Kumapeto kwa mwezi msungichuma amayenda khomo ndi khomo ndi kope lake kutolera kangachepe kogulira mabatire ndi kupepesera anyamata ogona panja. Apa ndi pamene pamaonekera khalidwe la anthu: mayi wogulitsa mandasi amapereka mosavuta, pamene pa geti lalikulu lachitsulo mlonda amangosuzumira pa kabowo n'kunena kuti abwana kulibe. Ndikukupemphani kuti dzina lanu lisadzakhale m'gulu limenelo. Yambani kupereka tsopano, nyumba isanathe, ndipo amene akukuyang'anirani ntchitoyo akadziwonetse kwa buloko lida.

Komabe sindikufuna kukunamizani kuti aneba ndi angelo. Ambiri ndi anyamata osowa ntchito, ndipo zopereka zikapanda kutuluka kwa miyezi ingapo amasiya, mwinanso ena mwa iwo, amene tsopano akudziwa nyumba yopanda galu ndi zenera lopanda zitsulo, amasanduka vuto lenilenilo. Ena amaimitsa aliyense woyenda usiku n'kumulipiritsa ngati ndi khoti, osaganiza kuti mzindawu umadzuka mbandakucha: amayi opita kukaoda ndiwo ku Limbe, alonda oweruka, anamwino, anyamata a kabaza. Nkhani ya Mayeso Gwanda iyenera kuwerengedwa pa msonkhano uliwonse wa aneba. Iyeyu anali wogulitsa majumbo amene apolisi anamugwira mu March 2015, m'mamawa akupita ku Limbe kukachita malonda ake, n'kumutsegulira mlandu wa vakabu. Anakadandaula ku khoti lalikulu, ndipo pa 10 January 2017 khotilo linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, imene inkalola kugwira munthu pongomukayikira chifukwa cha malo ndi nthawi imene wapezeka, ikusemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Mu 2022 khoti lalikulu linatsutsanso chipikisheni, mchitidwe wongotola anthu m'misewu ndi m'malo omwera popanda mlandu wodziwika. Ngati wapolisi wa yunifolomu alibe mphamvu yogwira munthu chifukwa chongoyenda usiku, mnyamata wa chibonga angaitenge kuti?

Vuto lalikulu koposa ndi la zimene zimachitika wakuba akagwidwa. Mawu oti “Wakuba! Wakuba!” akangomveka pa msika kapena pa siteji, anthu amakhamukira pamenepo, ndipo ambiri mwa omenya sadziwa chimene chabedwa kapena amene waberedwa, posakhalitsa wina amayamba kufunsa za tayala ndi petulo. Lamulo limalola munthu wamba kugwira wakuba, koma limamulamula kuti amupereke kupolisi mosachedwa, ndipo pa ine muyeso wa gulu labwino la aneba ndi umenewu, kuti lingathe kuzungulira munthu wogwidwayo, kumuteteza kwa anansi awo omwe, mpaka kukamusiya kusiteshoni ali moyo. Taona kale kumene njira inayo imathera. Mu March 2016 anthu asanu ndi awiri anawotchedwa ku Nsanje powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa, imene inayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe, inafika mu Blantyre mu October, anthu anatseka misewu n'kumasecha magalimoto, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu amene ankakhulupirira kuti akuteteza mabanja awo. Inu amene mukukhala kunja mukudziwa kuposa ine mmene zimawawira kukhala mlendo pakati pa khamu limene lagamula kale kuti mlendo ndiye wakuba.

Mukawafunsa anthu chifukwa chimene amalangira okha, yankho limakhala limodzi, lakuti tikamupereka kupolisi mawa timuona akuyenda mumsika. Sindingakane kuti ziphuphu ziliko, koma nthawi zambiri chimene chachitika ndi belo, ndipo anthu ambiri sanafotokozeredwe bwino za belo. Ndime 42 ya malamulo aakulu imanena kuti munthu wogwidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, apo ayi atulutsidwe, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Kutuluka pa belo sikutha kwa mlandu. Chimene chimapha milandu yambiri ndife eni: woberedwa akangolandira wailesi yake kapena foni yake safunanso kutaya tsiku la geni ndi ndalama ya minibasi kukaperekera umboni, mboni zimaopa kubwezeredwa, woweruza amaimitsa mlandu kangapo, kenako amauthetsa chifukwa palibe wobwera. Kwathu komiti inagwirizana kuti pa zopereka za mwezi pazipatulidwa ndalama yoyendera mboni, ndiponso kuti mmodzi wa akuluakulu aziperekeza wodandaula kukhoti. Ndi ntchito yotopetsa, yopanda ulemerero ngati wa kuthamangitsa mbava usiku, koma ndi imene ikuchititsa kuti anthu ayambenso kukhulupirira kuti kupita kupolisi kuli ndi phindu. Wapolisi akapempha ndalama ya belo, pali bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, limene lamulo la 2010 linalikhazikitsa ngakhale linachedwa zaka zambiri kuyamba ntchito.

Palinso mbali imene sitikonda kuikamba pa misonkhano. Wakuba saba chinthu chimene alibe kokachigulitsa. Mafoni, mabatire, masola, mipope ndi mamita a madzi zimene zimasowa usiku zimagulidwa masana ndi anthu aulemu wawo, amene amasangalala kuti apeza zotchipa ndipo safunsa lisiti. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo dera limene limalira ndi umbava kwinaku likudziwa nyumba imene katunduyo amafikira likudzinamiza lokha. Komanso si zoopsa zonse zimene zimachokera kunja kwa geti. Nkhanza za m'banja ndi kugwiriridwa kwa ana zimachitikira m'kati, n'chifukwa chake kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit, ndipo aneba abwino amadziwa kuti nkhani zotere si zokambirana pansi pa mtengo.

Tsono za nyumba yanu. Pa malo omanga, simenti, malata, mawaya ndi mafelemu kawirikawiri zimatuluka ndi anthu odziwa pamene zili, choncho musagule katundu wambiri nthawi imodzi, amene akulandira azilemba m'kope thumba lililonse, ndipo mlonda muzimulipira pa tsiku lake, chifukwa mlonda wanjala ndi wosavuta kumunyengerera. Ndalama za mpanda wamagetsi zija ziyambe zagwira ntchito pa zitseko zolimba, zitsulo za m'mazenera ndi nyale za sola zowalitsa kunja, ina iloze ku njira kuti ithandizenso odutsa. Chipinda chimodzi chikangotha mulowe munthu wodalirika, pakuti nyumba yopanda utsi imadziwika msanga. Mukalandira uthenga wa pa foni wonena kuti nambala yotumizira ndalama za amisiri yasintha, musatumize musanalankhule ndi munthuyo pa nambala yake yakale, chifukwa akuba a mtundu umenewu amasaka kwambiri anthu amene ali kunja.

Loweruka likubwerali ndipita ku Machinjiri kukaona mmene denga likuyendera, ndipo ndidzafunsa dzina la wapampando wa komiti ya kumeneko ndi ndalama imene nyumba iliyonse imapereka pa mwezi, kuti ndikudziwitseni. Mundiuze ngati mukufuna kuti ndikulembetseni tsiku lomwelo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Ndirande