Mawu amene ndinalemba pa gulu la okonda magalimoto akundithetsera banja

Zikomo Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Matawale mumzinda wa Zomba. Ndakhala pa banja zaka 12 ndipo Mulungu anatipatsa ana awiri, mnyamata wa Sitandade 7 ndi mtsikana wa Sitandade 3. Pamene ndikulemba kalatayi patha milungu itatu akazi anga atanyamula anawo n'kupita kwawo cha ku Jali. Sitinamenyane. Sanandigwire ndi chibwenzi, inenso sindinawaganizirepo zoterozo. Chawachotsa pakhomo ndi mawu amene ndinalemba ndi chala changa pa foni usiku wina, ndikucheza ndi anzanga okonda magalimoto pa WhatsApp.

Mundilole ndiyambe ndi galimotoyo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ndi Peugeot 504 yoyera imene anasiya malemu bambo anga. Iwo ankagwira ntchito m'boma kuno ku Zomba, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 anzawo ambiri anapita, iwo anatsala. Galimotoyi anaigula kwa munthu wina ine ndili wakhanda, choncho ndinakulira pa mpando wake wakumbuyo. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ankatikweza phiri mpaka Ku Chawe, ndipo potsika ankandiuza kuti ndimvetsere mmene injini ikugwirira galimoto pa giya yaing'ono kuti mabuleki asapse. Atamwalira, galimoto inakhala zaka 6 pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira m'kati. Abale ankati tigulitse kwa ogula zitsulo. Ine ndinakana.

Makaniko wina amene ndinkamufunsa nzeru ndiye anandilowetsa pa gululi. Tilipo amuna pafupifupi 40: aphunzitsi, ogwira ntchito zachipatala, amakaniko, anyamata oyendetsa ma Sienta pa msewu wa ku Liwonde, ena a ku Blantyre, ndi m'modzi amene ali ku Johannesburg koma salephera kuyankha uthenga uliwonse. Azakhali, musaganize kuti ndi gulu la anthu oipa. Ndi iwowa anandithandiza kusaka sipeya ku Ndirande ndi ku Limbe, anandiphunzitsa kutsuka kabuleta, ndipo tsiku limene injini inalira koyamba patatha zaka zonsezo anabwera asanu ndi mmodzi kudzakankha. Mafuta akasowa, ndi pa gulu pomwepo timauzana kumene thanki yatsitsa. Namondwe wa Freddy atawononga mu 2023 tinasonkha ufa, mabulangete ndi ndowa, n'kunyamula pa magalimoto athu omwewo kukapereka kwa anthu amene anali m'misasa.

Masiku ambiri macheza ake ndi opepuka. Wina atumiza chithunzi cha matayala atsopano, wina adandaula kuti ladiyeta ikuwira akamakwera mtunda, ndiye pamabwera mkangano wosatha wa achinyamata a ma Subaru ndi ife a magalimoto akale. Ine ndimawakumbutsa nthawi zonse kuti 504 inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya mu 1975, iwo asanabadwe. Loweruka lomaliza la mwezi timakumana m'tauni n'kukwera phiri mondondozana. Timaima pa damu la Mulunguzi, mabonati onse otsegula, nyama ili pa moto, ana akutigulitsa masitiroberi m'timbale. Nthawi ya chilimwe timalowera ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, kukagula matemba n'kubwerako fumbi lili mbuu. Kwa munthu ngati ine amene sindimwa mowa, tsiku limeneli ndi limene ndimapumira.

Poyamba mayi a kunyumba ankasangalala nazo. Anapita nawo kawiri, ulendo woyamba anachita kukazinga mandasi a gulu lonse. Kenako anasiya. Anati amayi amangokhala m'galimoto kulera ana, amuna ataweramira injini mpaka dzuwa kulowa, ndipo palibe amene amawayankhula. Ndinamva, koma sindinalabadire.

Cholakwa changa chachikulu ndi ichi, ndipo sindibisa. Monga mukudziwa, kwathu kuno ndi kwa chikamwini, mwamuna amayenera kumangira mkazi wake nyumba kwawo. Yathu inafika pa mtanda, njerwa tinaumba tokha, ndipo tinkasunga ndalama ya malata. Gawo lalikulu linali la akazi anga, lochokera ku banki mkhonde ndi geni yawo ya zitenje. Chaka chatha giyabokosi inafa, ndipo mnzanga wa pa gulu anaipeza ina yabwino, mwini wake akufuna ndalama msangamsanga. Ndinatapa ndalama ya malata osawauza. Mumtima ndinkati ndibweza pakutha pa miyezi iwiri. Kenako panabwera kilatchi, panabwera penti, panabwera inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Akazi anga anadziwa tsiku limene mmisiri anaimba foni kufunsa kuti malata afika liti poti mvula yayandikira. Mvula inabwera, khoma limodzi linang'ambika. Sanandilalatire. Anangochepetsa zoyankhula, ndipo ine ndinatenga kukhala chete kwawoko ngati kuti nkhani yatha.

Tsopano usiku uja. Admin analengeza kuti ulendo wotsatira ukhale wa mabanja, aliyense alembe kuti abwera ndi anthu angati kuti tidziwe nyama yogula. Anthu anayamba kulemba, uyu anayi, uyu asanu. Mnzathu wina amene banja lake linatha ku khoti analemba kuti abwera yekha, n'kuwonjezera kuti chithere banja ali pa mtendere, palibe womufunsa malisiti a sipeya. Anthu anaseka. Wina anatumiza chithunzi cha injini n'kuti iyi ndiye siyinyanyala. Macheza anatentha, aliyense akuponyapo yake yokhudza mkazi wake. Kenako wina anandifunsa kuti, "Nanga a 504, mubwera ndi madamu?"

Ndinalemba kuti, "Asiyeni awo, sasiyanitsa galimoto ndi ngolo. Galimotoyi anaipeza, ndipo akapitiriza za malata zawozo adzaisiya pompano. Amwene, mundisungire malo kumeneko kwa osakwatira."

Nthawi inali cha m'ma 11 usiku. Akazi anga anali m'chipinda, atagona ndi mwana amene ankatentha thupi. Ine pabalaza ndinkawerenga anthu amene aseka uthenga wanga, ndipo ndinakondwa kuti achuluka.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Pasanathe masiku awiri wina anajambula machezawo, anafika kwa mkazi wa mnzathu wina, amenenso ali m'gulu limodzi la amayi ku tchalitchi ndi akazi anga. Pofika madzulo anali atafika ngakhale kwa alamu anga. Nditaweruka ku ntchito ndinawapeza atakhala pakhonde. Anandipatsa foni n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Bambo, awa ndi mawu anu?" Ndinayamba kufotokoza kuti anali macheza chabe, amuna timatero. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati ndalama ya malata anali atandikhululukira kale mumtima, ankangodikira kuti tsiku lina ndidzakhale pansi n'kupepesa. Chimene sangathe kupirira n'chakuti amuna 40 anadziwa kuti iwo ndi katundu wolemetsa pakhomo pano iwo eni asanauzidwe, ndipo amunawo anaseka. Anati ena mwa iwo anadya mandasi awo, ena amawapatsa moni pa msika. M'mawa mwake ananyamuka. Mwayi wake sukulu zili pa tchuthi.

Amalume awo, amene ndi nkhoswe ya kuchikazi, anakaonana ndi nkhoswe yanga. Uthenga umene unabwera uli ndi mfundo zitatu: ndigulitse galimoto, ndibweze ndalama ya malata n'kumaliza nyumba, ndiponso ndituluke pa gululo. Zikapanda kutero, akazi anga akufuna nkhani ipite ku khoti.

Pa gulu zinthu zinasokonekera. Ambiri anatanganidwa ndi kusaka amene anatulutsa machezawo, ngati kuti vuto ndi iyeyo. Ena anandilembera kuti mwamuna salamulidwa, ndikagulitsa galimoto lero mawa adzandiuza kuti ndigulitse nsapato. Mdala wina, makaniko wopuma ntchito amene sakonda kulemba, anatumiza uthenga wa mawu wachidule: banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, ndipo ife tonse 40 takhala akapasule. Palibe anamuyankha.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi foni imene anandiimbira mnzathu uja wa banja lotha. Anandipempha kuti tikumane awiri, ndipo tinakhala m'galimoto yake pafupi ndi mlatho wa Likangala mpaka mdima. Munthu amene pa gulu amati ali pa mtendere analira ngati mwana. Ana ake amawaona kawiri pa mwezi. Wamng'ono anayamba kumuchitira manyazi ngati mlendo. Amadya chipisi cha pa chiwaya pafupifupi tsiku lililonse chifukwa kuphika nsima ya munthu mmodzi kumamukumbutsa zambiri. Anati amalemba nthabwala zija chifukwa usiku nyumba imakula, ndipo foni ndi yokhayo imamuyankha. Anandifotokozeranso za ku khoti: kuti pansi pa lamulo la maukwati la 2015 khoti limayang'ana ngati banja lasweka moti silingakonzekenso, kuti malamulo aakulu a dziko amapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anapeza limodzi ndi mwamuna, ndi kuti iye analamulidwa kupereka chithandizo cha ana mwezi ndi mwezi komanso kumanga nyumba kwawo kwa mkaziyo. Anati zonsezo akulipira ndipo sadandaula nazo, chimene chimamupweteka n'chakuti palibe woweruza amene angalamule mwana kuti akuthamangire ukamalowa pa geti. Pomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, malo amene munapempha aja musabwereko."

Ndiye Azakhali, ine banja langa ndikulifuna. Mawu aja sanali ochokera pansi pa mtima, koma ndaona kuti sanachokerenso kumwamba. Ndinali ndi manyazi ndi ngongole ya malata, ndipo m'malo mogwada pamaso pa munthu mmodzi amene ndinamulakwira, ndinasankha kuima pamaso pa anthu 40 n'kumusandutsa choseketsa. Zimenezi ndazivomera.

Ndalama ndibweza. Ndawerengera, ndikhoza kumaliza m'miyezi 8 popanda kupita kwa akatapila, ndipo ndayamba kale kupatula ya mwezi uno. Gulu ndikhoza kutulukamo ngakhale zikundiwawa, chifukwa muli anthu amene anandinyamula pa maliro ndi pa matenda. Pamene pandivuta ndi pa galimoto. Mayi anga akali moyo, ndipo atamva analira, anati galimoto imeneyo ndi imene inawatengera ku chipatala kukabereka mng'ono wanga, ndi imenenso inawatengera bambo ulendo wawo womaliza wa ku chipatala. Alongo anga akuti si yanga ndekha, ndi ya banja lonse, ine ndimangoisunga. Mwana wanga wamwamuna amadziwa kale kusiyanitsa sipanala ya 10 ndi ya 13, ndipo ndinkalota kuti ndidzamuphunzitsa kutsika phiri monga anandiphunzitsira agogo ake. Komanso ndikuopa zinthu ziwiri. Ndikagulitsa, kodi sindidzasunga chakukhosi, n'kumawaona akazi anga ngati amene anandilanda bambo anga kachiwiri? Ndipo kodi kugulitsako sikukhala ngati kugula chikhululukiro, pamene bala lenileni ndi ulemu wawo umene ndinauponda? Koma ndikakana, iwo amva kuti mawu aja anali oona, kuti galimoto anaipeza ndipo aisiya.

Ndaganizapo zoipereka kwa mng'ono wanga ku Domasi kuti ikakhale kumeneko, makiyi akhale ndi mayi, mpaka nyumba itatha ndipo akazi anga atanena okha kuti ibwere. Kodi nzeru imeneyi ndingaitule pamaso pa ankhoswe, kapena ioneka ngati ukathyali? Chinanso, popeza ndinawanyoza pa gulu, kodi ndikapepese pa gulu pomwepo ndisanatuluke, kuti amene anaseka amvenso ndikubweza mawu anga? Mtima wina ukundiuza kuti ndi choyenera, wina ukuti ndiwavula kachiwiri, poti uthengawo nawonso ujambulidwa n'kuyenda m'mafoni. Ndipo kodi ndi bwino ndipite ku Jali ndekha tsiku la ankhoswe lisanafike, ndikagwade kwa apongozi ndi kwa iwo eni, kapena kutero ndi kudumpha akuluakulu amene nkhani ili kale m'manja mwawo?

Ankhoswe akhala pansi Loweruka lomaliza la mwezi uno, tsiku lomwelo la ulendo wa mabanja uja. Pa gulu mndandanda ukupitirira, uyu anayi, uyu asanu, pa dzina langa palibe nambala. Dzulo mwana wanga anaimba pa foni ya amayi ake kundikumbutsa kuti ndiziliza injini kuti batire isafe. Chakumbuyo ndinamva mawu a amayi ake akumuuza kuti andifunse ngati ndalipira bilu ya madzi. Sanafune kulandira foni, koma anafunsa. Chonde Azakhali, ndiyankheni Lowerukalo lisanafike.

Ine wanu,
Bambo wa ana awiri,
Matawale, Zomba