Kwa eni galaja ina ku Limbe: kabuleta ya Land Rover yanga mwaiononga

Bwana, ndalemba poyera chifukwa foni yanga munasiya kuyankha, ndipo pa WhatsApp mukungowerenga n'kukhala duu. Dzina la galaja sinditchula, koma mukudzidziwa. Chikwangwani chanu chimati ndinu akatswiri a galimoto zakale, ndipo n'chimene chinandikokera pakhomo panu.

Ndinakubweretserani kabuleta ya Land Rover Series IIA ya 1969, ya petulo, injini ya 2.25. Kabuletayo ndi Zenith 36IV, yomwe galimotoyi inabwera nayo. Matenda ake ndinakufotokozerani bwinobwino: utsi wakuda ku ekizozi, mapulagi odzaza mwaye, mafuta kutha mosadziwika bwino, ndipo sikuluu yosinthira mafuta ija ngakhale uimange mpaka kumapeto injini imangolirabe. Munthu amene anagwirapo Zenith akangomva zimenezi amadziwa kuti petulo akudutsa njira yachidule m'kati. Mwina O-ring, kamphete ka labala ka pakati kaja, yauma, kapena chivundikiro ndi thupi la kabuleta zapindika ndi kutentha kwa zaka zonsezi moti sizikugwirana. Inu munagwedeza mutu n'kunena kuti "izi ndi zathu, madala, musadandaule." Munatchula mtengo wa kiti yatsopano ya zipangizo zokonzera kabuleta yochokera ku Joni pamodzi ndi ntchito, ndinalipira zonse osanenerera, lisiti ndili nalo.

Tsiku lotenga, mnyamata wanu anandipatsa kabuleta yonyezimira kunja, yopakidwa utoto wa siliva mpaka pa masipuling'i omwe. Titaimanga pa galimoto inalira pang'ono n'kuyamba kutsokomola. Pa chitunda chopita ku Bangwe inazima, petulo akuchucha m'mbali kugwera pa manifodi yotentha. Pa injini imeneyi kabuleta imakhala mbali imodzi ndi manifodi ya ekizozi, ndiye mudziwe kuti munandipatsa chinthu chotha kuyatsa moto ndili ndi ana kumbuyo.

Ndinaitsegula pamaso pa makaniko wina wachikulire, amene anakulira pa ma Land Rover a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo. Zimene tinapezamo n'zimene zandilembetsa kalatayi.

O-ring ndi yakale yomwe ija, yophwatalala, youma gwa, ukaipinda ikung'aluka. Gasketi ya pamwamba si ya mu kiti ayi, ndi yodula ndi lumo pa katoni, mabowo ena osalingana n'komwe. Kuti mubise mpata wa kupindika kuja munamata silikoni wofiira. Bwana, silikoni ndi petulo sizigwirizana, amafewa n'kumanyotsoka. Tizidutswa take tinatipeza tikuyandama m'kabakuli ka mafuta, kena katatsekereza needle valve, kavavu kotseka mafuta kabakuliko kakadzaza, kuti isatseke, n'chifukwa chake petulo ankasefukira. Ntchito yoyenera pamenepa ndi yodziwika, ndipo sifuna makina. Umayala sandipepala wosalala pa galasi lochindikala, n'kumapala nkhope ziwirizo pang'onopang'ono mpaka zitagonana popanda kuwala kudutsa pakati. Imafuna kudekha basi, ndipo kudekhako n'kumene ndinalipira.

Majeti, tizitsulo ta mabowo todutsamo petulo, munawachokocha ndi waya. Zikuoneka ndi maso, kamwa la jeti yaikulu lakandika, bowo lasanduka ngati dzira. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, bowo lake linapimidwa kufakitale, ndipo nambala yolembedwa pamutu pake ili ndi tanthauzo. Imatsukidwa ndi mankhwala ndi mpweya wa kompuresa. Ukangoikulitsa, palibe sikuluu imene ingabweze mafutawo m'malo mwake. Float nayo, choyandama chija chotseka needle valve, munaipinda mwa diso. Buku la galimotoyi limati ukatembenuza chivundikiro, kuchokera pa gasketi kufika pamwamba pa float pakhale mamilimita 33. Ife tinapima, zinali kutali, ndipo mbali imodzi inali yokwera kuposa inzake. Sikuluu yosinthira mafuta munaimanga mwamphamvu mpaka nsonga yake inadindika mzere kuzungulira. Imene ija imamangidwa ndi zala, ikangokhudza umaleka.

Nditabwerera kwa inu ndi zonsezi m'pepala, munayamba ndi kuloza chala mapulagi anga, kenako mapointi, kenako mukuti petulo wa masiku ano ndi woipa. Apa ndiye munandiseketsa ndili wokwiya. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Zoona, ethanol amaumitsa labala wakale, amakokanso chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda, n'kusiya zoyerayera pansi pa kabakuli. Koma chimenecho ndiye chifukwa chenicheni chosinthira O-ring ndi kalabala ka diaphragm. Katswiri wa galimoto zakale ku Malawi kuno sangadabwe ndi ethanol lero ngati wabwera dzulo.

Chimene chandiwawa koposa ndi mawu a mnyamata wanu akuti "madala, chigalimoto chimenechi n'chakale, ingogulani kabuleta yatsopano, tili nayo." Ananditulutsira ya m'bokosi lopanda dzina, yongofanizira Zenith. Ndikanafuna kusintha ndikanafunsa ndekha za Weber 34ICH, imene eni ma Land Rover ambiri amaika m'malo mwake. Ine ndinabwera kudzakonzetsa yanga, imene mukanaigwira bwino ikanatumikirabe. Galimotoyi imanyamula chimanga ndi feteleza m'misewu yomwe zamakono zimaopa nthawi ya dzinja, ndipo panopa ili pa miyala kuseri kwa nyumba pomwe nyengo yokolola yafika. Matumba ndikulipira aganyu a ngolo.

Ndiye funso langa n'losavuta: kiti imene ndinalipira ili kuti? Ngati inabweradi kuchokera ku Joni, ndipatseni ili m'pepala lake, O-ring, magasketi, needle valve, zonse. Ngati simunaitanitse, nenani choncho ndipo mubweze ndalama zake pamodzi ndi za ntchito, poti ntchito sinagwiridwe. Jeti yaikulu ndi sikuluu zomwe mwaonongazo mugule zina za nambala yomweyo. Kabuletayo sindikubweretseraninso, aikonza ndi madala a ku Thyolo aja.

Zithunzi za silikoni, gasketi ya katoni ndi jeti yokandikayo ndajambula, pamodzi ndi lisiti lokhala ndi chidindo chanu. Ndikudikira yankho lanu mpaka Lachisanu madzulo. Likapanda kubwera, Lolemba ndikukatula zonsezi ku ofesi ya CFTC, yoona madandaulo a ogula.