Mwana wanga, ndiyankhe

Ndakuimbira kanayi sabata ino foni kumangolira osayankha, nde ndati bola ndilembe. Ndikutayipa ndekha pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, sindinafune kuti mlongo wako aziwerenge izi. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala lafika poipa, usiku tikugona panja pa mkeka, mbuzi nazo zikungoswera pansi pa nimu.

Nkhani yako ndamva. Usandifunse wandiuza ndani, otsika minibasi pa Dyeratu ndi ambiri ndipo maso ali nawo. Akuti ukalandira malipiro kunyumba sufika, umathera ku Ndirande ndi timabotolo tija mukuti midoli, mpaka tsiku lina anachita kukunyamula anzako. Zoona iwe? Koma kunena chilungamo sindinadabwe kwenikweni, ndinaziona kale pa Khirisimasi paja. Nthawi yolandira Ukaristia itakwana tonse pa benchi tinaimirira, iwe unangokhala mutu uli pansi kumakanda bondo la thalauza. Mayi ako anangonditsina pamkono osalankhula kanthu, tikubwerera njira yonse misozi ili chuchuchu.

Sindikukulankhula ngati munthu woyera ayi, ukundidziwa. Kachasu wa masau ndinamumwa ine, nthawi ija ndinkadula nzimbe ku Nchalo, ndalama ya mwezi wonse kutha Loweruka limodzi, njinga ija unkakwera kumbuyo popita ku sukulu unkaganiza inabedwa eti? Ndinaigulitsa ine. Zaka zisanu ndi chimodzi osalapa. Ndipo chimene chinkanditsekereza si mowawo kwenikweni koma manyazi, mumtima ndinkati ndikalapa bwanji chinthu chimene mawa lomwe ndikachitanso, ndiyambe ndasiya kaye kenako ndidzapite kwa abambo mfumu ndili bwinobwino. Bodza la satana limenelo mwana wanga, ndipo ndikudziwa ndi lomwelo akukunong'oneza iwe. Wodwala malungo sadikira achire kaye kuti apite kuchipatala.

Tsegula Luka 15 uwerenge mofatsa, osati mothamanga ngati mmene munkachitira ku katekisimu. Mnyamata uja ali ku nkhumba anakonza mawu oti akanene, kuti sindiyeneranso kutchedwa mwana wanu, munditenge ngati wantchito. Koma bambo ake anamuona akadali patali nkuthamanga, munthu wamkulu kuthamanga pamaso pa mudzi! ndipo za wantchitozo sanafike nkomwe pozinena, anali atamuitanitsira kale mkanjo ndi mphete ndi nsapato. Ndicho timati chaulere chija, mawu omwewo mayi ako akutchula madzulo aliwonse mwezi wa kolona uno, wa chaulere chodzaza. Si ganyu yoti ulime kaye mizere yako ndiye akulipire.

Ukukumbuka madzi a mu Januwale 2015? Tinagona pa chulu masiku awiri, iwe utabereka agogo ako kumsana madzi akufika m'chifuwa, osadandaula olo kamodzi. Ine mwana amene ndikumudziwa ndi ameneyo, osati wonyamulidwa ndi anzake ku bala. Boti litabwera kudzatitenga kupita ku kampu ku Bangula kodi anafunsa kuti wapereka mtulo ndani, woledzera ndani? Ankangoti kwerani. Koma kukwerako unayenera kukwera wekha, amene akanakakamira pa chulu chifukwa cha manyazi a zovala zong'ambika Shire akanamutenga.

Usandimve molakwika kuti poti Mulungu amakhululuka nde uzingomwa. Ayi. Tchimo ndi tchimo ndipo lako silikupweteka iwe wekha, mkazi wako akugona ndi njala, mdzukulu wanga akukuona ukudzandira, zimene unkaona iwe kwa ine ukufuna nayenso akule nazo? Miyambo 23 imanena poyera kuti mowa umatsika bwino pakhosi koma pamapeto pake umaluma ngati njoka. Anzako amenewo ndalama ikatha udzawafuna osawapeza. Petulo anakana Ambuye katatu, Yudasi anawagulitsa, onse anachimwa usiku umodzi, koma Petulo analira nkubwerera ndipo m'mbali mwa nyanja Yesu sanamuwerengere milandu, anangomufunsa katatu kuti kodi umandikonda. Yudasi anakhala yekha ndi manyazi ake. Manyazi amenewo ndi amene ndikuwaopa pa iwe kuposa botolo.

Loweruka likubwerali pita ukalape. Ngati ku parishi kwanu ukuopa kuti akukudziwa kwera minibasi upite ku tchalitchi cha CI kapena ku Limbe Cathedral. Ukagwanso upitenso, ine ndinagwa katatu ndisanaime, ukagwanso upitenso basi. Malipiro ukalandira uzipereka kwa mkazi wako tsiku lomwelo asanagone m'thumba mwako, zimenezi usazione ngati kupusa, ndi zimene zinandipulumutsa ine.

Pa 2 Novembala kuli Misa ya mizimu ya okhulupirira, tikalambula manda a agogo ako. Ubwere. Ya thiransipoti ndikutumizira pa foni ya mkazi wako, ndagulitsa kambuzi kamodzi. Mayi ako asunga mlamba wowamba akuti palibe audye mpaka ufike. Ukawerenga olo ungofulasha ndidziwe kuti waona.

Ndine bambo ako.