Girayinda ikutha mipeni yathu ya m'thumba

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma ife okhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima timakumana nayo tsiku ndi tsiku, ndiyo kanoledwe ka mipeni yopinda ya m'thumba. Msodzi wa ku Senga Bay posoka ukonde, mlimi pomezanitsa mango, ngakhale woluka madengu posenda nsungwi, onsewa amadalira kampeni kotere, ndipo chondidandaulitsa n'chakuti masiku ano mpeni ukangobuntha ambiri akuthamangira kwa owotcherera zitsulo kuti akaunole pa girayinda yamagetsi.

Ineyo ndinataya mpeni wa Okapi m'njira yomweyi. Malemu bambo anga anabwera nawo kuchokera ku Joni m'masiku a Wenela, pamene mipeni imeneyi inkapangidwabe ku Solingen m'dziko la Germany, ntchitoyo isanasamukire ku South Africa m'chaka cha 1988. Mpeni umene unakhala zaka zambiri ukunoledwa pa mwala popanda vuto, mnyamata wina wa pa msika anaumaliza m'mphindi imodzi yokha. Sindikumuda, chifukwa chida chake anachigulira makasu ndi nkhwangwa. Girayinda imazungulira mwaliwiro kwambiri, ndipo chitsulo cha kampeni n'chopyapyala, choncho chimatentha msanga. Mukaona kunsonga kwasanduka kwa buluu, dziwani kuti kutentha kwafika pafupifupi madigiri 300, ndipo kulimba kumene chitsulocho chinapatsidwa ku fakitale kwachoka. Mpeni wotero umaoneka wakuthwa tsiku limenelo, koma mawa lake mukangotumbula chambo ziwiri wabunthanso.

Tupa nayonso tiisiyire chikwanje ndi khasu, popeza mano ake ndi akuluakulu ndipo amadya chitsulo chambiri.

Chimene kampeni ka m'thumba kamafuna ndi mwala wonolera wa mbali ziwiri, uja amagulitsa m'sitolo za zipangizo zomangira, mbali ina yokhakhala ndi ina yosalala. Miyala ina imalembedwa manambala, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti mwalawo ndi wokhakhala. Wa 200 mpaka 400 ndi wokonzera mpeni wobenthuka, wa 1000 ndi wonolera masiku onse, pamene wa 3000 kapena kuposerapo ndi wosalazira, umene womezanitsa mitengo angaufune chifukwa bala la pa mtengo liyenera kukhala losalala kuti nthambi zigwirane. Msodzi wodula zingwe za nayiloni asatayire ndalama pa mwala wosalala chotero, popeza mpeni wotsala ndi timano tosaoneka ndi maso ndi umene umaluma bwino chingwe. Mwala watsopano muzinolera ndi madzi kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ukamwa mafuta sulandiranso madzi, ndipo mafuta ophikira ndiwo oipitsitsa poti amauma n'kutseka timabowo ta mwalawo.

Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe anandionetsa pa foni zida zamakono, monga timbale tokutidwa ndi fumbi la dayamondi komanso zipangizo za Lansky zimene zimapana mpeni kuti mwala uzidutsa mopendekeka mofanana nthawi zonse. Sindikuzinyoza ayi. Dayamondi imathandiza pa zitsulo zamakono zolimba kwambiri, koma chitsulo cha mipeni yopinda ngati Okapi kapena Opinel sichivuta kunola, ndipo mwala wamba umachikwanira. Chopanira chija nachonso chimavutika kugwira mpeni waung'ono wowonda, moti nthawi zina mwala umakhula chopaniracho m'malo mwa mpeni.

Luso lenileni lili m'dzanja. Msana wa mpeni uzitukulidwa pang'ono, madigiri 15 mpaka 20, zimene pa kampeni kowonda zikufanana ndi kuika makobidi awiri osanjikiza pansi pa msanawo. Nolani mbali imodzi mpaka chala chitamva kachitsulo kopyapyala katapindikira mbali inayo kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga, kenaka tembenuzani. Ambiri amalekera panjira asanakamve kachitsuloka, n'kumanena kuti mwala ndi wachabe. Pomaliza kokerani mpeni chammbuyo pa lamba wakale wachikopa kuti kachitsulo kaja kachoke. Amene alibe mwala wosalala akhoza kugwiritsa ntchito kunsi kwa kapu yadothi, paja posapakidwa zonyezimira, ndipo mwala ukakumbika pakati umawongoka poukhula ndi madzi pa simenti yosalala.

Pempho langa likupita kwa alangizi a zaulimi amene amaphunzitsa alimi athu kumezanitsa mitengo ya zipatso, kuti pa maphunzirowo azipatula kanthawi koonetsa kanoledwe ka mpeni, pakuti nthambi zambiri zimene zimakana kugwira zimakhala zitadulidwa ndi mpeni wobuntha. Ndikupemphanso eni sitolo za pa Kamuzu Road kuti aziitanitsa miyala yolembedwa manambala, chifukwa yambiri imene ndaiona kumeneko ilibe chizindikiro chilichonse, ndipo wogula amangoyesa ndi chikhadabo.

Ine wowerenga wanu,
Mlimi wa mango,
Senga Bay, Salima