Mwanawe, usanakhale pa mpandowo umve za Creon

Mwana wanga,

Kuno ku Luwinga tadzuka bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chalowa m'mawondo. Amayi ako andiuza kuti chipani chakutenga kuti uzikalangiza akuluakulu ku Lilongwe. Ndakondwa, komanso tulo sindinatione. Pa foni umandidula mawu, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Ukukumbuka buku long'ambika chikuto lija ndinkaphunzitsira zisudzo ndisanapume ntchito? Muli sewero la Antigone, limene Sophocles analemba ku Athens zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Ana a sukulu onse ankalimbirana kukhala Antigone, mtsikana wolimba mtima uja. Mbali ya Creon, mfumu ya m'seweromo, ankaithawa. Koma iwe tsopano ukupita kukakhala kunyumba ya Creon, ndiye ndi za iyeyo ndikufuna tikambirane.

Anyamata awiri apachibale anaphana polimbirana ufumu wa Thebes. Creon atalowa ufumu analamula kuti amene anateteza mzinda aikidwe mwaulemu, koma Polyneices, amene anabwera ndi nkhondo, mtembo wake usiyidwe pamtetete, agalu ndi mbalame zidye. Tsono taganiza: Creon anali mlongo wa mayi wa anawo. Kwathu kuno tikanati atsibweni, mwinimbumba, munthu woyenera kuyamba kufika pasiwa. Iyeyo ndiye analetsa maliro! Antigone, mlongo wa anyamatawo, anaphwanya lamulolo n'kukakwirira mtembowo, Creon n'kulamula kuti amutsekere m'phanga.

Chimene chimandiopsa n'chakuti Creon sanali chigawenga. Dziko linali litangochoka pa nkhondo, iye ankafuna bata, ndipo mfundo zake poyamba zimamveka zanzeru. Nelson Mandela ali m'ndende ku Robben Island anasewerapo mbali ya Creon yemweyu, ndipo ndikhulupirira anaphunzirapo kanthu. Creon chinamupha ndi makutu. Mwana wake Haemon anamuuza zomwe anthu ankanong'onezana m'mzinda, namukumbutsa kuti mtsinje ukasefukira mtengo wopindika umatsala, woumirira umazuka ndi mizu yomwe. Iye anangomva mwano wa mwana. Mlosi wakhungu Teiresias atamuchenjeza, anamunena kuti walandira ndalama. Pomwe ankasintha maganizo, Antigone anali atadzimangirira kale m'phanga, Haemon anadzibaya, mkazi wa Creon naye anatsatira.

Sewero limeneli ndinaliona ndi maso anga, popanda nsanja. Mu Meyi 1983 nduna Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, komanso phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani ku Mwanza, tinauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Tonse tinagwedeza mitu, ine ndemwe, choko kumanja. Zoti anachita kuphedwa zinadzatsimikizika ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Pa 8 Marichi 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo ija yodzudzula boma, ndipo Monsignor John Roche wa dayosizi yathu ya Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko muno. Analankhula ngati Teiresias, analandira malipiro a Teiresias. Patangopita chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, anthu anavotera zipani zambiri. Za zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pomwe anthu anaphedwa, sindichita kukuuza, utsi unauona wekha mumzinda muno, ndipo manda a ku Zolozolo ukuwadziwa. Maboma osiyana, mitundu ya nsalu yosiyana, koma nthawi zonse pamakhala wina amene ananena msanga, osamvedwa.

M'seweromo mulinso gulu la madoda a mzinda, oimba ndi kuthirira ndemanga. Awa ndimawakwiyira kuposa Creon. Ankaona kuti zinthu zikupita kuphompho, koma ankangoti inde mfumu, mpaka mlosi atalankhula ndi pomwe anapeza pakamwa. Ntchito wapatsidwayo, mwanawe, ndi ya madoda amenewa. Adzakupatsa galimoto ndi ma alawansi, ndipo tsiku lina bwana adzanena chinthu chokhota, onse m'chipindamo n'kuwomba m'manja. Sindikuti ukakhale wamwano. Pempha kuonana nawo pawiri, ulankhule mwaulemu monga tinakulerera, koma ulankhule tsiku lomwelo, maliro asanachitike. Akakuchotsa, chipinda chako chilipo, ngakhale amayi ako adzazamo matumba a chimanga.

Chinanso. Aeschylus, wolemba masewero winanso wa ku Athens, anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Aperezi, koma mu 472 Yesu asanabadwe anaonetsa anthu a ku Athens sewero la kulira kwa Aperezi omwewo, adani awo ogonja. Chipani chanu chikapambana, ukayendere anzako a mbali inayo. Akaferedwa, ukagone pasiwa, ngakhale wina akujambule pa foni n'kukaika pa Facebook.

Buku lija ndalimata ndi selotepi, ndipatsira mlamu wako akamabwera Loweruka pa basi, pamodzi ndi mpunga wa Kilombero ndi usipa pang'ono. Masamba awiri akumapeto anadyedwa ndi chiswe, koma zomwe zinamuchitikira Creon ndakuuza kale.

Ndine,
Bambo ako