Mpikisano wa Tour de France udabadwira mu ofesi ya nyuzipepala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa tsamba lanu la zamasewero, lomwe ndimaliwerenga mosadumphitsa ngakhale kuti masiku ambiri limadzaza ndi mpira wamiyendo wokhawokha. Mwezi wa Julayi ukafika mumatiponyera mizere iwiri kapena itatu yonena za yemwe wapambana mpikisano wa njinga zakapalasa wa Tour de France, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti mpikisanowu ndi mwana wa ntchito yanu yomweyi. Adauyambitsa ndi mkonzi wa nyuzipepala yomwe malonda ake sankayenda, ndipo zambiri zomwe timaziona lero, zokoma ndi zonyansa zomwe, zidachokera pa njala yofuna kugulitsa mapepala. Ndikukhulupirira kuti awerengi anu akadziwa zimenezi sadzauonanso ngati gulu la anthu ongothamangitsana pamsewu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nyuzipepala yaikulu ya zamasewero ku France idali Le Vélo, ndipo mkonzi wake adali Pierre Giffard. Nthawi imeneyo dziko lidagawikana chifukwa cha mlandu wa msilikali wachiyuda, Alfred Dreyfus, yemwe adamusemera chinyau kuti adagulitsa zinsinsi za asilikali kwa Ajeremani. Giffard adaikira kumbuyo Dreyfus, pomwe ena mwa eni mafakitale omwe ankatsatsa malonda m'nyuzipepala yake, monga Jules-Albert de Dion wopanga magalimoto, adali mbali inayo. Akuluakuluwa adasonkherana ndalama n'kutsegula nyuzipepala yawoyawo mu 1900, yotchedwa L'Auto-Vélo, ndipo adaika Henri Desgrange, yemwe adali katswiri wopalasa njinga, kuti akhale mkonzi. Nkhani ya dzinalo idakafika kukhoti, ndipo kumayambiriro kwa 1903 nyuzipepalayo idangotsala ndi dzina loti L'Auto. Le Vélo inkasindikizidwa pa pepala lobiriwira, L'Auto pa pepala lachikasu, ndipo yachikasuyi ndiyo inkagonja pamsika.

Nzeru yowombolera idachokera kwa mtolankhani wachinyamata, Géo Lefèvre, yemwe mu Novembala 1902 adauza bwana wake kuti akonze mpikisano wozungulira dziko lonse la France, wa masiku ambiri, woti wina aliyense asadauonepo. Pa 1 Julayi 1903 anthu 60 adanyamuka ku Montgeron, kunja pang'ono kwa Paris, pa ulendo wa makilomita 2,428 wogawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, kudutsira ku Lyon, Marseille, Toulouse, Bordeaux ndi Nantes, n'kubwereranso ku Paris. Chigawo choyamba chokha chidali cha makilomita 467, mtunda woposa wochokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, ndipo amene adatsogola adapalasa maola opitirira 17, usana ndi usiku, m'misewu yafumbi, pa njinga yolemera yopanda magiya osinthasintha. Omwe adamaliza ulendo wonse adali 21 okha. Wopambana adali Maurice Garin, mwana wa m'banja losauka wobadwira ku Italy, yemwe adakula akusesa mwaye m'machumuni a nyumba za eni ake, ndipo adasiya wachiwiri wake ndi maola pafupifupi atatu. Nyuzipepala yomwe inkagulitsa makope 25,000 pa tsiku idafika pa 65,000, ndipo chaka chotsatira Le Vélo idatsekedwa.

Amene amaganiza kuti chinyengo ndi matenda a masiku ano ayang'ane chaka cha 1904. Ochemerera adatseka msewu pafupi ndi Saint-Étienne n'kumenya opikisana kuti mwana wa kwawo adutse yekha, misomali idamwazidwa m'njira, ndipo padamveka madandaulo oti ena adakwera sitima ndi magalimoto mdima utagwa. Patatha miyezi ingapo, bungwe loyendetsa masewerowa lidachotsa anthu anayi oyambirira, Garin ali m'gulu lomwelo, ndipo chipambano chidapita kwa Henri Cornet, mnyamata wa zaka 19, yemwe mpaka lero ndiye wamng'ono pa onse omwe adapambanapo. Desgrange adatsala pang'ono kuuthetsa mpikisanowo, koma ng'ombe yokama mkaka siiphedwa chifukwa yaponda mbewu za mnansi. Adangosintha malamulo n'kuchepetsa kuyenda usiku.

Apa ndiye pomwe ndikufuna mumvetsetse, Akonzi, chifukwa ndi pomwe khalidwe la mpikisanowu lidaumbidwira. Desgrange adazindikira kuti chomwe chimagulitsa nyuzipepala ndi kuzunzika kwa munthu, ndipo chaka ndi chaka ankafunafuna njira yowonjezera ululuwo. Mu 1910 adatumiza opikisana ku mapiri a Pyrénées, komwe misewu yake idali tinjira ta abusa ndi odula mitengo. Mnzake Alphonse Steinès adapita kukaona phiri la Tourmalet, adasochera m'chipale chofewa usiku, adapulumuka mwamwayi, koma adatumizabe uthenga kwa bwana wake woti njirayo njabwinobwino. Tsiku la mpikisano, pa chigawo cha makilomita 326 kuchoka ku Luchon kupita ku Bayonne, Octave Lapize, yemwe adadzapambana chaka chimenecho, adafika pamwamba pa phiri la Aubisque atatheratu, n'kukalipira okonza mpikisanowo kuti ndi zigawenga zopha anthu. Mawu amenewo sadamupweteke mkonzi ngakhale pang'ono, chifukwa adali nkhani yokoma ya mawa lake, ndipo chaka chotsatira adawonjezera phiri lalitali la Galibier ku Alps.

Malamulo ake nawonso adali ouma. Wopikisana ankayenera kukonza yekha njinga ikaonongeka, popanda wina kuikapo dzanja. Mu 1913 Eugène Christophe, yemwe adali ndi mwayi waukulu wopambana, adathyokeredwa foloko akutsetsereka Tourmalet. Adasenza njingayo n'kuyenda wapansi mtunda wautali mpaka m'mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, komwe adapeza malo osulira zitsulo, ndipo adasula yekha folokoyo akuluakulu a mpikisano atamuimirira pambali. Atamaliza adamulipitsa mphindi zingapo chifukwa kamnyamata kena kadamuthandiza kupopa mvukuto. Aliyense amene adathyokeredwapo foloko ali kutali ndi kwawo, katundu ali pakaliyala, akudziwa kuti chilango chimenecho chidali chipongwe. Christophe yemweyo ndiye adayamba kuvala malaya achikasu mu 1919, pomwe okonza adafuna kuti wotsogola azioneka msanga pagulu, ndipo ambiri amakhulupirira kuti mtunduwo adautenga ku pepala la L'Auto. Iye sadapambanepo mpikisanowu moyo wake wonse, koma dzina lake limatchulidwa kuposa la ena omwe adapambana.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse idaimitsa mpikisanowu kuyambira 1915 mpaka 1918, ndipo idapha akatswiri atatu omwe adaupambanapo, Lapize, François Faber ndi Lucien Petit-Breton. Utayambiranso, Desgrange adapitiriza kukoka chingwe mpaka mu 1926 ulendowo udafika makilomita 5,745, wautali kuposa wina uliwonse. Adalimbananso ndi makampani opanga njinga, omwe ankawaganizira kuti amapangana za yemwe apambane, ndipo mu 1930 adathetsa matimu a makampani n'kuyambitsa matimu a maiko, aliyense atapatsidwa njinga yachikasu yofanana ndi ya mnzake. Popeza tsopano ndalama zodyetsera ndi kugoneka opikisana zidagwera nyuzipepala, adaitana amalonda kuti azilipira n'kumatsogola ndi mdipiti wa magalimoto otsatsa katundu, mwambo womwe ulipobe mpaka pano. Magiya osinthasintha, omwe anthu wamba ankagwiritsa kale ntchito, adaloledwa kwa onse mu 1937. Matimu a makampani adabwereranso mu 1962 ndipo adakhazikika kotheratu mu 1969.

Desgrange adamwalira mu 1940, ndipo chifukwa cha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse mpikisanowu sudachitike mpaka 1947. L'Auto idatsekedwa mu 1944 chifukwa idapitiriza kusindikiza dziko lili m'manja mwa Ajeremani, koma wotsatira wa Desgrange, Jacques Goddet, adatsegula nyuzipepala ya L'Équipe, yomwe ilipo mpaka lero ndipo ili m'manja mwa banja la Amaury pamodzi ndi kampani yoyendetsa mpikisanowu. Malaya obiriwira a wodziwa kuthamanga pomaliza adabwera mu 1953, ndipo oyera a madontho ofiira a mfumu ya mapiri adabwera mu 1975, chaka chomwe ulendowu udayamba kuthera mumsewu wa Champs-Élysées ku Paris. Anthu anayi adaupambana kasanu, omwe ndi Jacques Anquetil, Eddy Merckx, Bernard Hinault ndi Miguel Indurain, ndipo eni dziko akadali kudikira mwamuna wa kwawo wolowa m'malo mwa Hinault, yemwe adapambana komaliza mu 1985.

Za mankhwala owonjezera mphamvu sindingazilambalale, ndipo maganizo anga ndi akuti mlanduwu si wa opalasa okha. Kale mu 1924 Henri Pélissier, yemwe adapambana chaka cha m'mbuyo mwake, adasiyira mpikisano panjira atakangana ndi oyang'anira pa lamulo loletsa kutaya malaya, ndipo iye ndi m'bale wake adaonetsa mtolankhani Albert Londres mankhwala omwe ankanyamula, kokeni ali pomwepo. Aliyense adawerenga, koma palibe adachitapo kanthu kwa zaka 40. Kuyeza kudayamba mu 1966, opikisana adanyanyala pokwiya nako, ndipo pa 13 Julayi 1967 Tom Simpson wa ku Britain adagwa n'kumwalira pa phiri la Ventoux dzuwa likuswa mtengo, ali ndi zaka 29, mankhwala ali m'thupi ndi m'thumba. Mu 1998 galimoto ya timu ya Festina idagwidwa pamalire a Belgium ndi France itanyamula mankhwala ochuluka, kuphatikizapo EPO wochulukitsa magazi ofiira. Lance Armstrong adalandidwa zipambano zake zonse zisanu ndi ziwiri mu 2012, ndipo zaka za 1999 mpaka 2005 zidangosiyidwa zopanda wopambana. Sindikuikira kumbuyo wakuba aliyense, koma amene adamanga mpikisano woposa mphamvu za thupi la munthu kuti apeze nkhani, kenako n'kumadabwa kuti anthu akumeza mapiritsi, nayenso ayenera kukhala pabwalo la mlandu.

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri omwe ndimaonera nawo pa kanema n'chakuti munthu wopambana chigawo cha lero si nthawi zonse amakhala ndiye wovala malaya achikasu. Masiku ano pamakhala zigawo 21 m'masiku 23, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500, ndipo timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi atatu. Nthawi ya tsiku lililonse imaphatikizidwa, ndipo wopambana ndi amene nthawi yake yonse yachepa kuposa ena, ngakhale atapanda kutsogola pa chigawo chilichonse. N'chifukwa chake mu 1989 Greg LeMond adagonjetsa Laurent Fignon ndi masekondi asanu ndi atatu okha atapalasa milungu itatu. Ambiri mwa opikisanawo sapita kukapambana, koma ntchito yawo ndi kutchingira mtsogoleri wawo mphepo, kumutengera madzi, ngakhale kumupatsa njinga yawo yake ikaonongeka, zomwe Desgrange akadaziona akadang'amba mapepala ndi ukali. Amayi nawo adali ndi mpikisano wawo kuyambira 1984 mpaka 1989, udazimirira, n'kudzabweranso mwamphamvu mu 2022.

Afirika sidangoonerera m'mbiri imeneyi. Ali Neffati wa ku Tunisia adapikisana nawo mu 1913, ndipo mu 1950 padali timu ya kumpoto kwa Afirika. Robert Hunter wa ku South Africa adapambana chigawo mu 2007, mnzake Daryl Impey adavala malaya achikasu mu 2013, ndipo Chris Froome, yemwe adapambana kanayi m'dzina la Britain, adabadwira ku Nairobi. Mu 2015 timu ya MTN-Qhubeka, yomwe dzina lake lidachokera ku bungwe logawa njinga kwa ana asukulu, idalowa nawo, ndipo Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea adavala malaya a mfumu ya mapiri kwa masiku angapo. Pa 1 Julayi 2024, patatha zaka 121 zenizeni chinyamukire anthu 60 aja ku Montgeron, Biniam Girmay wa ku Eritrea adapambana chigawo mumzinda wa Turin ku Italy, kukhala munthu wakuda woyamba wa mu Afirika kuchita zimenezi, ndipo adapambananso zigawo zina ziwiri n'kutenga malaya obiriwira. Ku Asmara, likulu la Eritrea, anthu adadzaza m'misewu. Ife kuno, dziko lomwe njinga imanyamula odwala, makala, chimanga ndi apaulendo tsiku ndi tsiku, ambiri tidazimvera pa foni, ndipo m'nyuzipepala nkhaniyo idafinyidwa pakona.

Pempho langa ndi laling'ono. Julayi akubwerayu tipatseni kagawo ka tsamba tsiku lililonse, koonetsa wopambana chigawo, mndandanda wa nthawi yonse ya anthu khumi otsogola, ndi maina a ana a mu Afirika omwe akadali mumpikisano. Ngati malo angalole, mtolankhani wanu mmodzi atifotokozerekonso za Tour du Rwanda ndi Tour du Faso, mipikisano ya masiku ambiri yomwe yakhala ikuchitika kuyambira zaka za m'ma 1980, makamaka tsopano pomwe mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa njinga wa padziko lonse lapansi mu Seputembala 2025.

Ine wanu,
Wokonda njinga,
Zomba