Tiuzeni ndi mbiri ya Aden yomwe

A Mkonzi,

Mukamalemba za nkhondo ya ku Yemen, chonde muzitikumbutsako za doko la Aden, chifukwa mavutowa sanayambe dzulo.

Angerezi analanda dokoli mu 1839, motsogozedwa ndi Kaputeni Haines, kuchoka m'manja mwa Sultan (mfumu) wa ku Lahej, dera loyandikana ndi dokoli. Chomwe ankafuna n'choti sitima zopita ku India zizipeza pomwera malasha. Ndiye kwa zaka zambiri Aden ankalamulidwa kuchokera ku Bombay, mzinda wa ku India tsidya lina la nyanja, kenako kuchokera ku Delhi kuyambira mu 1932, mpaka anadzakhala koloni payekha mu 1937. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, malonda anakula kwambiri, ndipo khofi amene kale ankadzera ku Mocha, doko lina la ku Yemen, anali atatembenukira ku Aden.

Chimandiwawa ine ndi momwe Angereziwo anachitira ndi mitundu ya Aluya akumtunda. Ankasainirana mapangano ndi mafumu, n'kumawapatsa ndalama kuti asatseke njira za ngamila; mfumu ikavuta, ndalamazo ankaziimitsa. Sukulu, zipatala ndi misewu kumidziko zinali zochepa zedi, pamene padoko panali mwanaalirenji.

Angerezi pochoka mu 1967 anasiya tauni ndi midzi zosiyana kutalitali. Atolankhani anu aziyambira pamenepo.

Wowerenga wanu,
Zomba